Lily Banda: wosewera wa ku Malawi amene anachuka ndi magawo othandizira

A Lily Banda ndi wocita masewero ndiponso woimba wa m'dziko la Malawi. Dzina lao linamveka kunja kwa dziko lao m'caka ca 2019, pamene anaoneka m'masewero awiri akuluakulu ocokera ku Britain: filimu yochedwa The Boy Who Harnessed the Wind, ndi sewero la pa wailesi ya kanema lochedwa Deep State.

M'masewero onse awiriwa a Banda sanali mwini nkhani. Anapatsidwa gawo lothandizira, lomwe ndi la munthu woima pambali pa mwini nkhani. Dzina la munthu wotere silikhala loyamba pa zikwangwani zolengeza filimu, ndipo kawirikawiri oonerera amakumbukira nkhope yake koma osadziwa kuti ndi ndani. Komabe mbiri ya a Banda ionetsa kuti gawo lotere limatha kusenza katundu wolemera wa nkhani. Ionetsanso kuti ndilo khomo limene osewera a ku Malawi ndi ku Zambia amalowerapo pamene makampani akunja abwera kudzajambula mafilimu.

Asanayambe za mafilimu

Ku Malawi a Banda anayamba kudziwika monga woimba, ndipo pa nthawiyo anali kugwiritsa nchito dzina lakuti Alex. M'mafilimu adziwika ndi dzina lao lenileni, lomwe ndilo linalembedwa pa mndandanda wa osewera.

Nchito yopanga mafilimu ku Malawi ndi yaing'ono, monganso momwe iliri ku Zambia. Nyumba zoonetseramo mafilimu n'zocepa, ndalama zojambulira zimasowa, ndipo osewera ambiri amakhala ndi nchito ina yowapatsa cakudya. Ngakhale zili tero, dzikolo linali litatulutsa kale mafilimu odziwika. A Shemu Joyah anapanga Seasons of a Life, kenaka The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017. M'caka ca 2010 a Tapiwa Gwaza analandira mphotho ya Africa Movie Academy Awards monga mkazi amene anasewera bwino koposa gawo lothandizira, cifukwa ca nchito yao mu Seasons of a Life. Mu 2016 a Joyce Mhango Chavula analandira mphotho ya Africa Magic Viewers' Choice Awards ndi filimu yao yochedwa Lilongwe.

Motero pamene a Banda anali kulowa m'bwaloli, akazi anzao anali atalambula kale njira. Cimene cinali cacilendo ndi kukula kwa filimu imene iwo anasankhidwira.

Nkhani ya a Kamkwamba

Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind inatengedwa m'buku la dzina lomwelo, limene a William Kamkwamba analemba pamodzi ndi mtolankhani wa ku America, a Bryan Mealer, ndipo linasindikizidwa mu 2009. A Kamkwamba anabadwa mu 1987 ndi kukulira m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe, m'boma la Kasungu. Pa njala yaikulu imene inagwa m'Malawi mu 2001 ndi 2002, anasiya sukulu cifukwa makolo ao analephera kulipira. Anayamba kuwerenga mabuku a sayansi m'laibulale yaing'ono ya kwao, ndipo ali ndi zaka 14 anapanga makina oyendera mphepo otulutsa magetsi, pogwiritsa nchito zitsulo zotayidwa, mitengo ya bulugamu ndi ziwiya za njinga. Mu 2007 anakalankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania, ndipo mu 2014 anatsiriza maphunziro ao pa Dartmouth College ku America.

Wolemba ndi wotsogolera filimuyi anali a Chiwetel Ejiofor, wosewera wa ku Britain amene makolo ao anacokera ku Nigeria. Aka kanali koyamba kuti iwo atsogolere filimu yaitali, ndipo anaseweranso monga Trywell, tate wa William. Filimuyi inajambulidwa ku Malawi komweko mu 2017, pafupi ndi kumene nkhaniyi inacitikira. Inaonetsedwa koyamba mu Januwale 2019 pa cionetsero ca mafilimu ca Sundance ku America, kumene inalandira mphotho ya Alfred P. Sloan, yoperekedwa ku mafilimu okamba za sayansi. Mwezi wotsatira inaonetsedwa ku Berlin m'dziko la Germany, ndipo pa 1 Malichi 2019 kampani ya Netflix inaiika pa intaneti.

Gawo la Annie

A Banda anasewera monga Annie, mlongo wake wamkulu wa William. Kumayambiriro kwa filimu Annie ndi mtsikana wanzeru amene ayembekezera kupita ku yunivesite, ndipo amai ake, Agnes, afunitsitsa kuti mwana wao asathere moyo wake pa khasu ndi pa mtondo. Koma mvula ikokolola mbeu, cilala cipsereza zotsala, ndipo ndalama za sukulu zisowa.

Annie ali pa cibwenzi cobisika ndi Mike Kachigunda, mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ya William. Cinsinsi cimeneci ndico citsegula njira ya mwini nkhani. William atalephera kulipira sukulu, auza mphunzitsiyo kuti adziwa za cibwenzico. Poopa kuti nkhani ingamveke, mphunzitsi amlola kupitiriza kulowa m'kalasi ndi kumthandiza kuti aloledwe m'laibulale. M'laibulale momwemo ndimo William apeza buku lofotokoza za mphamvu ya mphepo.

Njala itakula, anthu alowa m'nyumba ya banjalo ndi kulanda cimanga cimene cinatsala, Annie ndi amai ake ali pomwepo osatha kucita kanthu. Banja liyamba kudya kamodzi pa tsiku. Pabuka mkangano waukulu pakati pa mai ndi mwana, pamene Agnes aonetsa kuti angalole kudula dzanja lake kuti mwanayo adye, kusiyana ndi kumuona acoka pakhomo. Komabe Annie asankha kuthawa ndi mphunzitsi uja kuti pakhomo pacepe munthu mmodzi wofuna cakudya. Pocoka asiyira mlongo wake dainamo ya pa njinga ya mphunzitsiyo, kacipangizo kamene kamayatsa nyale pamene gudumu lizungulira. Dainamo imeneyi ndiyo mtima wa makina amene William apanga pambuyo pake, omwe ayendetsa pampu yotunga madzi m'citsime kuti anthu athirire mbeu m'cilimwe.

Oonerera amatsiriza filimu ali okondwa ndi kupambana kwa mnyamata. Koma mbali ina ya mtengo wa kupambanako yalipiridwa ndi mtsikana amene wataya maphunziro ndi kusiya makolo ake mosatsazika. A Banda anapatsidwa mphindi zocepa poyerekeza ndi mwini nkhani, ndipo m'mphindi zimenezo anayenera kuonetsa cikondi, manyazi, mkwiyo ndi njala. Zambiri mwa izi anazionetsa ndi nkhope ndi maimidwe a thupi, osati ndi mau oculuka. Imeneyi ndiyo nchito ya wosewera gawo lothandizira: sapatsidwa nthawi yodzifotokoza, koma ayenera kukhulupirika kwa oonerera kucokera pomwe waonekera koyamba.

Nkhani ya cilankhulo

Filimuyi ili m'Cingerezi ndi m'Cicewa, cilankhulo cimene ku Zambia cidziwika kuti Cinyanja. Pakhomo ndi kumunda anthu alankhula Cicewa, pamene kusukulu kumveka Cingerezi. Mulinso gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 monga cuma ca cikhalidwe ca Acewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia.

Koma osewera ambiri a magawo akuluakulu sanali a ku Malawi. William anaseweredwa ndi Maxwell Simba, mnyamata wa ku Kenya. Agnes anaseweredwa ndi a Aïssa Maïga a ku France, amene anabadwira ku Senegal. Mphunzitsi Kachigunda anali a Lemogang Tsipa a ku South Africa, ndipo mfumu ya kwa Wimbe anali a Joseph Marcell, amene ambiri awakumbukira monga Geoffrey m'sewero la The Fresh Prince of Bel-Air. Osewera akunja anayenera kuphunzira mau a Cicewa asanayambe kujambula.

Pa anthu anai amene anasewera monga tate, mai, mwana wamwamuna ndi mwana wamkazi wa m'banjalo, a Banda okha ndiwo anali a ku Malawi. Filimu itatuluka, ena mwa oonerera a ku Malawi anadandaula kuti kachulidwe ka mau ka osewera akunja kanali kovuta kumva, ngakhale kuti ambiri anayamikira khama lao ndi kukondwa kuti cilankhulo cao camveka pa dziko lonse. Kwa munthu wodziwa cilankhuloci kusiyana kumamveka msanga: Annie akalankhula, mau amatsika ndi kukwera monga momwe eni ake amalankhulira.

Cifukwa cimene zinthu zimayendera motere n'codziwika. Filimu yaikulu imafuna ndalama zambiri, ndipo opereka ndalamazo amafuna maina amene oonerera a ku Ulaya ndi ku America awadziwa kale. The Boy Who Harnessed the Wind inalipiridwa ndi mabungwe monga BBC Films, British Film Institute ndi Participant Media. N'cifukwa cake dziko limene linaitumiza ku mpikisano wa Oscar wa mafilimu a zilankhulo zina linali Britain, osati Malawi. Filimuyi siinafike pa gulu lotsiriza la opikisana.

Sewero la Deep State

M'caka comweco ca 2019 a Banda anaoneka m'cigawo caciwiri ca Deep State, sewero la ukazitape limene linapangidwa ndi a Matthew Parkhill ndi a Simon Maxwell, ndi kuulutsidwa ndi kampani ya Fox m'maiko ambiri a ku Ulaya ndi mu Africa. Cigawo coyamba cinatuluka mu 2018, ndipo mwini nkhani anali a Mark Strong. M'cigawo caciwiri, cimene cili ndi ndime 8, munalowa osewera atsopano monga a Walton Goggins a ku America ndi a Victoria Hamilton a ku Britain, pamodzi ndi a Banda.

Nkhani ya cigawo cimeneci icitikira makamaka m'dziko la Mali, kumadzulo kwa Africa, ndipo ikamba za maiko amphamvu ndi makampani akuluakulu olimbirana cuma ca mu Africa. A Banda anasewera monga Aïcha Konaté, mkazi wa ku Mali wogwira nchito yomasulira cilankhulo pakati pa asilikali akunja ndi anthu a m'dzikolo. Gulu la asilikali a ku America limene Aïcha ali nalo libisaliridwa ndi kuomberedwa, ndipo anthu aganiza kuti iyenso wafa. Koma iye wapulumuka. Zimene adziwa za ciwembuco zicititsa kuti ena amsake kuti amuphe, pamene akazitape awiri, Harry ndi Leyla, amfunafuna kuti amupulumutse. Harry anaseweredwa ndi a Joe Dempsie, ndipo Leyla anali a Karima McAdams.

Nkhani yotere siinali yacilendo kwa otsatira nkhani za maiko akunja. Mu Okutobala 2017 asilikali anai a ku America anaphedwa pamodzi ndi asilikali a ku Niger pa ciwembu cimene cinacitika pafupi ndi mudzi wa Tongo Tongo, kufupi ndi malire a Niger ndi Mali.

Apanso gawo la a Banda linali lothandizira, koma nkhani yaikulu ya cigawoci izungulira pa Aïcha. Palinso cinthu cina cocititsa cidwi. M'filimu yoyamba ija, a Maïga, amene atate ao anali a ku Mali, anasewera monga mai wa ku Malawi. M'sewero laciwirili, a Banda a ku Malawi anasewera monga mkazi wa ku Mali. Osewera a mu Africa amene agwira nchito ndi makampani akunja kawirikawiri amapemphedwa kuimira dziko limene si lao, ndipo mwai wosewera m'cilankhulo cobadwa naco, monga umene a Banda anapeza pa gawo la Annie, umabwera mwa apo ndi apo.

Anzao a ku Zambia

Ku Zambia mbiri yofanana ndi imeneyi ipezeka m'mafilimu a Rungano Nyoni, amene anabadwira ku Lusaka ndi kukulira ku Wales. Filimu yao yoyamba yaitali, I Am Not a Witch, inajambulidwa m'dziko lino ndi kuonetsedwa ku Cannes m'dziko la France mu Meyi 2017. Mu Febuluwale 2018 inalandira mphotho ya BAFTA. Nayonso inatumizidwa ku mpikisano wa Oscar ndi dziko la Britain, caka cimodzi filimu ya a Ejiofor isanatumizidwe. Kusiyana kwake n'kwakuti a Nyoni anapereka ngakhale gawo la mwini nkhani kwa mwana wa ku Zambia, Maggie Mulubwa, amene anali asanasewerepo m'filimu.

M'filimu imeneyi a Nancy Murilo anasewera gawo lothandizira monga Charity, mkazi wa mkulu wa boma amene anaseweredwa ndi a Henry B.J. Phiri. Charity nayenso ananenedwapo kuti ndi mfiti, ndipo akhulupirira kuti ukwati ndi kumvera zamgulira ulemu. Aphunzitsa kamtsikana Shula njira yomweyo, kufikira tsiku limene anthu amzindikira pa sitolo yaikulu ndi kumcitira cipongwe. Kupyolera mwa Charity, oonerera aona tsogolo limene likudikira mwini nkhani.

Filimu yaciwiri ya a Nyoni, On Becoming a Guinea Fowl, inaonetsedwa ku Cannes mu Meyi 2024, ndipo iwo analandira mphotho ya wotsogolera bwino m'gulu la Un Certain Regard. Ikamba za maliro a malume amene anali kugwirira ana a m'banja, ndi acibale amene afuna kuti nkhaniyo ikwiriridwe pamodzi ndi mtembo. Mwini nkhani anali a Susan Chardy. A Elizabeth Chisela anasewera monga Nsansa, m'bale wao amene abisa cilonda cake m'mowa ndi m'nthabwala, ndipo cifukwa ca gawo limeneli anasankhidwa kupikisana nao pa mphotho ya wosewera wothandizira ya British Independent Film Awards mu 2024.

Mafilimu otere amabwera patapita zaka. Nchito yokhalitsa kwa osewera a m'dziko lino yakhala ikucokera ku wailesi ya kanema. Sewero la Kabanana linachuka pa ZNBC m'zaka za m'ma 2000. Wailesi ya Zambezi Magic inatsegulidwa mu 2015, ndipo pambuyo pake inabweretsa masewero monga Zuba ndi Mpali, amene anapatsa akazi ambiri magawo a amai, apongozi, akazi a mitala ndi anchito a m'nyumba.

Mphotho za othandizira

Kufunika kwa gawo lothandizira kunazindikirika kale m'maiko amene nchito ya mafilimu inakhazikika. Mphotho za Oscar za osewera othandizira zinayamba kuperekedwa mu 1937. Mu 1940 a Hattie McDaniel anakhala munthu wakuda woyamba kulandira Oscar, ndipo anailandira pa gawo lothandizira mu Gone with the Wind. Mu 2014 a Lupita Nyong'o a ku Kenya analandira mphotho yomweyo cifukwa ca filimu ya 12 Years a Slave. Mwini nkhani m'filimu imeneyo anali a Chiwetel Ejiofor, omwe patapita zaka zitatu anasankha a Banda kukhala Annie. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo opereka mphotho zimenezi anavomereza kuti ndi mmenenso ziliri ndi filimu.

Oonerera a m'makomboni

Boma la Kasungu lili m'malire ndi cigawo ca kum'mawa ca Zambia, kumene mabanja ambiri a m'makomboni a Lusaka anacokera. Ku Kalikiliki, komboni yoyandikana ndi Mtendere kum'mawa kwa mzindawu, ndiponso ku Kalingalinga, Chawama, Kanyama, George ndi Matero, cilankhulo ca pamsika ndi ca m'basi ndi Cinyanja. Munthu wa kumeneku atha kumva zimene Annie alankhula popanda kuwerenga mau olembedwa pansi pa cithunzi, cinthu cimene sicicitika kawirikawiri pa filimu yoonetsedwa pa dziko lonse.

Nkhani yakenso si yakutali. Pa 29 Febuluwale 2024 mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cimene cinaononga cimanga m'caka cimeneco ndi ngozi ya dziko lonse. Madzi atacepa pa Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Njala ikalowa m'nyumba, funso lakuti ndani asiye sukulu ndipo ndani acoke pakhomo limagwera kawirikawiri ana aakazi, ndipo Annie aimira iwo.

Cobvuta n'cakuti kuonerera filimu ya pa Netflix kumafuna malipiro a pa mwezi, intaneti ndi magetsi, zinthu zimene mabanja ambiri a m'makomboni sazipeza mosavuta. Motero amene angamve bwino koposa nchito ya a Banda ndiwo amene siiwafikira msanga. Koma m'makomboni momwemo muli magulu a masewero a m'masukulu ndi m'machalichi, mmene atsikana amayambira kuima pamaso pa anthu. Ambiri a iwo sadzayamba monga eni nkhani. Adzayamba monga mlongo, mnansi kapena womasulira, magawo amene anatengera dzina la a Lily Banda ku Sundance, ku Berlin ndi pa mawailesi a kanema a ku Ulaya m'caka cimodzi cokha ca 2019.